Amayi Ako Sanakane pa Dambo la Kamwala

Wimbe,
Kasungu.

Yankho mwana wanga,

Ndasankha kulemba chifukwa ukundidziwa. Ndikayamba kulankhula ndimabwereza chinthu chimodzimodzi mpaka iwe umayamba kuyang'ana kudenga. Papepala ndibwereza mmene ndingafunire, ndipo ukatopa ulipinda n'kudzalitsegulanso nthawi ina. Panopa uli kuchipinda kwako ukulongedza, ndikumva zipi ya chikwama ikukuvuta.

Mawa ukupita ku Chisemphere kukayamba ntchito yoyendetsa ambulansi ya chipatala cha mishoni. Ukupita ndithu. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa chichokereni pamsonkhano wa Lamlungu lija ndakhala ndikukuyang'ana, ndipo ndaona kuti manja akulongedza koma mtima ukumasula katundu.

Unalipo, koma ndibwereza kuti tiyambire pamodzi. Amalume ako a Lingisoni, monga mwini mbumba, anatiitanitsa n'kunena kuti mwana wa mlongo wawo sangakhale dalaivala wonyamula odwala m'tchire ngati mwamuna wosowa chochita. Anati malo alipo mushopu yawo pa boma, ndipo pa tsiku lako lonyamuka, lomwe ndi mawa, abwera m'mawa ndi galimoto yawo kudzakutenga. Nditayankha kuti unaphunzira, laisensi uli nayo, ndipo achipatala anakusankha pakati pa amuna, anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Alamu, inu ndinu mkamwini, musaiwale. Mlongo wanga anakukanani pa Kamwala anthu onse akuona. Lero mukufuna mwana wake akathere m'madambo momwemo?"

Iwe unawerama. Si nkhani ya shopu imene inakuweramitsa, ndikudziwa. Mawu akuti amayi ako anakana panjira unawamva koyamba uli kamtsikana ka ku pulayimale, akunong'onedwa kuseri kwa nyumba ya maliro, ndipo sunandifunsepo. Lero ndikuuza zonse zimene zinachitika pa dambo la Kamwala. Koma ndiyenera kuyamba ndi nkhani ya injini, chifukwa popanda imeneyo sumvetsa. Komanso unandiuza kuti komiti ya chipatala ikufuna kusankha galimoto yatsopano pakati pa ziwiri, ina ya petulo ina ya dizilo, ndipo akufuna dalaivala akhalepo posankha. Ndiye werenga mosathamanga.

Nditangotuluka ku koleji ya zaulimi n'kubwera kuno monga mlangizi, kalabu ina ya alimi a fodya inandipempha kuti ndiwathandize kusankha pikapu yotutira mabelo kuchokera m'zigafa kukafika kumsewu waukulu. Zinalipo ziwiri. Ine ndinayang'ana mapepala ake, ndinapeza nambala imene ogulitsa amailemba ndi zilembo zikuluzikulu, ya mahosipawa, ndipo ndinaloza imene inali ndi ambiri. Inali ya petulo. Tinakaiyesa pamsewu wa phula yopanda katundu, inauluka, alimi kumbuyo zipewa zili m'manja akuseka. Tsiku loyamba kunyamula fodya tinatsikira mumtsinje wouma, mchenga wokhawokha, ndipo potuluka panali kachitunda kosaopsa n'komwe. Injini inayamba kutsamwa. Dalaivala anaponda moto kwambiri kwinaku phazi lina lili theka pa kilachi. Galimoto inalira ngati ikuphedwa koma inangosuntha pang'ono, kenako kunabwera fungo ngati la tsitsi lopserera. Kilachi inathera pomwepo. Mabelo tinawatsitsira pamchenga, ndipo anthu anawasenza mpaka pamwamba. Nambala ija sinaname, Yankho. Mahosipawa aja analimodi, koma injini ija inkawatulutsa ikamazungulira mofulumira kwambiri basi. Pakachitunda, katundu ali kumsana, galimoto ikukwawa, inalibe chopereka.

Ndikufotokozere ndi chinthu chimene wakula ukuchiona. Podinda fodya ndi jeke, suja amalowetsa chitsulo chachitali pamwamba n'kumachizunguliza? Munthu amayenda nacho pang'onopang'ono, koma fodya pansi amapanikizika mpaka belo limalimba ngati thabwa. Mphamvu yopotokola imeneyo ndiyo ku koleji tinkaitcha toki. Ndi mmene injini imapotokolera matayala, mphamvu yokoka. Tsono hosipawa ndi nkhani ya kuti wadinda mabelo angati dzuwa lisanalowe, ndiye kuti mphamvu yopotokola ija kuphatikizapo changu chozungulizira. Munthu wowonda wothamanga ndi kachitsulo kakafupi angathe kukhala ndi chiwerengero chokongola pa fodya wofewa. Koma belo likafika pouma, changu chake chilibe ntchito, pamafunika wokankha molemera ngakhale akuyenda ngati akudwala. Injini ya dizilo ngati ya pikapu yathu imapereka mphamvu yake yokoka ikadali kuguguda chapansipansi. Injini zambiri za petulo, makamaka zing'onozing'ono zothamanga, zimafuna uzikalipitse kaye. Ndipo m'matope ukakalipitsa injini matayala amangozungulira pamalo amodzi, kukumba dzenje loti galimoto ikhalemo.

Ndiye pamene akulu a komiti akakhale pansi ndi wogulitsa, iye adzayamba ndi mahosipawa, chifukwa ndiyo nambala yokoma kutchula. Iwe ukafunse kuti mphamvu yokoka ndi yochuluka bwanji, ndipo imabwera injini ikuzungulira motani, chapansi kapena ikamalira. Ukafunse ngati ili ndi giya ya m'munsi yokokera matayala onse anayi, chifukwa giya imeneyo ndiyo chitsulo chachitali cha pa jeke chija. Ukagwade uyang'ane kunsi kwake kuti mimba yatalikira bwanji ndi nthaka. Ukafunse ngati zitsulo zake zimapezeka pa boma kapena mpaka kudikira zochokera kunja. Akadzati tiyeni tikaiyese pamsewu wa phula, ukakane. Ukanene kuti aikemo matumba a chimanga olemera ngati wodwala, namwino ndi achibale, mupite nayo kudambo limene amayi oyembekezera amavutikira kuwoloka nthawi ya dzinja. Mmodzi mwa akuluwo adzanena kuti, mayi, inu ndinu dalaivala chabe. Ukavomere mwaulemu kuti ndiwe dalaivala, ndipo n'chifukwa chake ukulankhula, popeza tsiku limene galimotoyo idzatitimire mayi akubuula kumbuyo, komiti idzakhala ili kunyumba. Usakweze mawu, koma usabweze mawu.

Usandimve molakwa. Sindikunena kuti liwiro n'loipa. Ukafika paphula wodwala akutaya magazi, udzalifuna, ndipo pamenepo dizilo yokalamba imakwiyitsa, umachita kulakalaka kutsika n'kuikankha. Ngati pangapezeke galimoto yokhala ndi zonse ziwiri, zili bwino. Koma ngati n'kusankha, kumbukira kuti wodwala amayamba watuluka m'mudzi asanaone phula. Galimoto yothamanga imene yakhala m'dambo imachedwa kuposa ngolo.

Chaka chimene ndinagula pikapu yathuyi, amalume ako anaimva ikubwera ikuguguda n'kuitcha Chigayo. Ankati akandiona amafunsa kuti, alamu, lero mukugaya, ndibweretse chimanga? Dzinalo linakakamira mpaka ifenso tinayamba kuitchula choncho. Ndinkachinyadira kwambiri Chigayo moti ndinayamba kuganiza kuti palibe pamene chingakanike. Tsiku lina ndikupita kukaona minda ya chitsanzo ndinafika padambo looneka louma, udzu wobiriwira bwino pamwamba. Ndinachita ulesi kutsika kukapotokola mahabu, timaloko ta pa matayala akutsogolo timene ukatitseka matayalawo nawonso amakoka, ndinati ndikaona zovuta ndilowetsa onse anayi. Pansi pa udzu paja panali phala. Pamene ndinkatsika kuti nditseke mahabu, mimba ya galimoto inali itakhala kale pansi, matayala akungoyandama. Mphamvu yokoka ilibe ntchito ngati tayala lilibe pogwira. Ndinakhala tsiku lonse ndikukumba ndi khasu lobwereka, alimi amene ndinkapita kukawaphunzitsa akundidikira mpaka anabalalika. Ndiye tamvera. Dambo lililonse limene sukulidziwa, imitsa galimoto, tsika, tenga ndodo, uliyende ndi mapazi. Anthu adzakuseka, adzati dalaivala wake wamkazi akuopa matope. Aseke. Tseka mahabu usanalowe, osati utalowa. Lowetsa giya ya m'munsi usanalowe. Ukalowa usasinthe giya pakati, chifukwa kamphindi kamene waponda kilachi galimoto imaima, ndipo ikaima imakhala. Phazi likhale pamodzimodzi pa moto, osawonjeza osachepetsa. Ukamva matayala ayamba kuzungulira pachabe, chotsa phazi, usalimbane nazo. Ndabwereza zimenezi kuyambira tsiku limene ndinakuika pa chiwongolero pabwalo la mpira la kusukulu, ndipo ndikubwerezanso.

Nthawi ina mafuta atasowa ndinagula dizilo wa m'zigubu kwa munthu wa m'mbali mwa msewu amene sindinkamudziwa. Ndinali pachangu, sindinamununkhize, sindinamuthire m'botolo kuti ndione ngati pansi pakhala madzi. Chigayo chinayenda pang'ono n'kuyamba kutsokomola utsi woyera, ndipo pampu ya mafuta inawonongeka. Injini ya dizilo imapirira katundu, imapirira chitunda, koma siipirira mafuta oipa ndiponso madzi. Ukadzafika pamtsinje wodzaza, dziwa pamene injini yako imakokera mpweya. Madzi akangolowa pamenepo injini yatha, ndipo ya dizilo ndiyo imafa moipa kwambiri. Ngati madzi afika pamwamba pa mawondo ako ndipo akuthamanga, usawoloke, ngakhale achibale a wodwala akulirire chotani. Funa njira ina. Zimenezi n'zovuta kuchita kuposa kulemba, ndikudziwa, ndipo ndi zimene zimandisowetsa tulo ndikaganiza za ntchito yakoyi. Koma kuopa kwanga ndi kwanga, sindikupatsa kuti ukusenze. Ndikungokupatsa zimene kuopako kwandiphunzitsa.

Tsopano za Kamwala.

Amayi ako anamwalira kuchipatala cha pa boma mvula ili pakati, fodya ali m'munda. Iwe unali kuno ndi amayi ako aang'ono. M'mawa wonyamula thupi ndinauza amalume ako kuti bokosi tiike m'Chigayo, popeza masiku amenewo msewu wa ku boma unali utaduka, aliyense ankazungulira pa Kamwala, ndipo ine ndinali nditadutsapo dzulo lake n'kuona mmene panalili. Anakana. Anati mlongo wawo sangalowe m'mudzi mwawo komaliza atakwera chigayo chonyamula feteleza, anthu angati abale ake analibe. Iwo anali ndi galimoto yaitali yonyezimira ya petulo, yotsika ngati bwato, imene ankakonda kutiuza kuti kuchokera ku Lilongwe imafika tiyi asanazizire. Maliro ndi a eni mbumba, mwamuna amangotsatira. Ndinatsatira. M'Chigayo ndinanyamula amayi a kumpingo, akuimba njira yonse.

Titafika pa Kamwala amalume ako analowa mothamanga, poganiza kuti liwiro liwaponyera tsidya. Anafika pakati n'kuima. Anaponda moto, matayala akumbuyo anazungulira n'kumwaza matope pa amuna amene anatsika kukakankha. Anapondanso, galimoto ikulira mpaka ng'ombe zimene zinkadya chapafupi zinathawa, ndipo kumbuyo kwake, kumene kunali bokosi, kunkatsikiratsikira. Nyimbo inaleka. Kenako mayi wina wachikulire ananena chapansipansi kuti, akukana. Mawuwo anayenda pakamwa ndi pakamwa mpaka aliyense anali kunena kuti Nabanda akukana kupita kwawo.

Ukudziwa mwambo wake. Galimoto ya maliro ikavuta panjira amati malemu ali ndi chakukhosi, ndipo wachibale wamkulu amayenera kuwalankhula. Agogo ena a kuchimuna kwa amayi ako anagwada m'matope pakhomo la kumbuyo n'kuwapempha kuti, Nabanda, tiyeni kwanu, mwana akudikira, ngati pali chokhumudwitsa tikakambirana kunyumba. Amalume ako anayesanso. Galimoto inakhaliratu pansi. Apo maso onse anatembenukira kwa ine, ndipo amalume ako anatsika, matope mpaka m'mabondo a suti, n'kundifunsa pamaso pa gulu kuti mlongo wawo ndinamutani. Anati ndigwade ndipepese.

Ndinagwada, Yankho. Ndinagwada chifukwa m'bokosimo munali mkazi wanga, ndipo mvula inali itayamba kuwaza pachivundikiro. Ndinayandikitsa pakamwa kuti asamve wina aliyense, ndipo ndinati:

"Nabanda, mwaona zimene ndinkanena zija? Tadikirani pang'ono, ndikatenge tcheni."

Mawu onse amene ndinalankhula ndi amenewo. Ndinadzuka, ndinatsitsa amayi a kumpingo, ndinatseka mahabu, ndinalowetsa giya ya m'munsi, ndipo ndinazungulira mbali ya chulu kumene nthaka ndi yolimba mpaka ndinafika kutsogolo kwawo. Ndinamanga tcheni. Ndinauza amalume ako kuti asaponde moto ngakhale pang'ono, angogwira chiwongolero. Chigayo sichinalire n'komwe. Chinangoguguda monga chimachitira chikaima pakhomo, tcheni chinakungika, ndipo galimoto yonyezimira ija inatuluka m'dzenje lake pang'onopang'ono, amayi ako ali m'kati.

Ukudziwa zimene anthu ananena? Anati mwaona, wapepesa ndipo avomera. Nyimbo inayambiranso mwamphamvu kuposa kale. Pofika m'mudzi nkhani inali itafika kale, yakuti mkamwini anali ndi mlandu ndi mkazi wake, anaulula pa Kamwala, ndiye malemu anamasuka. Za tcheni palibe anatchula. Pamaliro sakangana, ndiye ndinakhala chete. Maliro atatha nkhaniyo inali itauma kale ngati njerwa, ndipo amalume ako anaisunga n'kumaitulutsa nthawi iliyonse imene ndatsegula pakamwa pa za iwe. Ndinkati ikundipweteka ine ndekha, ndipirira. Lamlungu lija ndinaona kuti yayamba kukuweramitsa iwe, ndipo pamenepo kupirira kwanga kwathera.

Sindikunyoza mwambo. Kulankhula ndi malemu panjira ndi ulemu, ndipo inenso ndinawalankhula. Koma tsiku limenelo amayi ako sanakane chilichonse. Inali injini ya petulo yofuna kukalipitsidwa, matayala awiri okha okoka, mimba yotsika, ndi phazi la munthu wamanyazi amene ankaponda moto kuti anthu asaone kuti walakwitsa. Ukanaikamo matumba a chimanga m'malo mwa bokosi, chimanganso chikanakana pamalo omwewo. Pakati pa ine ndi amayi ako panalibe mlandu, kupatula kuti ndinkawatopetsa ndi kuyang'ana matayala ulendo uliwonse. Ankati tsiku limene ndidzafike kumwamba ndidzayamba ndafunsa angelo ngati magaleta awo anathira oyilo. Iwe sungakumbukire, koma amayi akowo ndiwo anayamba kuyendetsa Chigayo pabwalo la mpira lija iwe usanayambe. Ankakhala pa pilo kuti aone kutsogolo, iwe uli pambali pawo ukukuwa. Anagunda golo kamodzi, n'kuseka mpaka misozi. Tsiku lomwelo anandiuza kuti mwanayu mudzamuphunzitse, asadzakhale wodikira mwamuna kuti amunyamule. Ndiye amalume ako akamanena kuti akulankhulira mlongo wawo, ine ndimadziwa zimene mlongo wawoyo ananena ndi pakamwa pake.

Amalume ako uziwalemekeza. Sukulu yako anathandizapo, ndipo amakukonda m'njira yawo, imene ndi yofuna uzikhala pamene angakuone. Ukafika uwaimbire foni, uwapatse moni, uwauze kuti wafika bwino. Akakalipa umvetsere mpaka amalize. Koma usabwerere. Anthu a mtundu wawo, ndipo udzakumana nawo ambiri kuntchito, mphamvu zawo zimatuluka akamalira kwambiri. Iwe usapikisane nawo kulira. Uzingokoka.

Zina zing'onozing'ono, ndisanaiwale. M'mawa uliwonse usanalize injini uziyang'ana oyilo, madzi ndi matayala, ngakhale wina atakuuza kuti anayang'ana dzulo. Tayala lapadera uziligwira ndi dzanja, osangoliona. Khasu, chikwanje ndi thabwa loikapo jeke zisachoke m'galimoto, ndipo wobwereka umutsatire mpaka abweze. Kumeneko ena amalankhula Chitumbuka, uphunzire moni ndi mawu ofunsira kuti pakupweteka ndi pati, chifukwa munthu akamamva ululu amabwerera ku chilankhulo cha amayi ake. Wachibale wa wodwala akamakuuza kuti thamanga, umuyankhe mofatsa, koma phazi ndi lako. Ndipo tsiku lina zidzachitika, chifukwa ntchito yake ndi yotero, kuti udzanyamula thupi kubwerera nalo kumudzi, ndipo galimoto idzavuta panjira. Anthu akadzayamba kunena kuti akukana, uwasiye alankhule ndi malemu awo mwaulemu wonse. Koma akadzayamba kuyang'ana mkazi wamasiye kapena mwamuna wamasiye kuti agwade, iwe ndiwe dalaivala, udzanene mokweza kuti vuto ndi matope ndipo ulikonza. Udzanene tcheni chisanamangidwe, osati pambuyo. Munthuyo mwina ali ndi mwana amene akumvetsera.

M'envulopu muno muli makiyi a Chigayo. Utenge. Ine ndiziyendera njinga yamoto ya ku ofesi, ndipo usatsutse chifukwa ndaganiza kale. Ndathira dizilo wa pa filing'i siteshoni, ndasintha oyilo, ndayang'ana mabuleki, ndipo matayala ndawayang'ana mpaka amayi ako akanakhalapo akanandithamangitsa. Unyamuke kukangoyera, usadikire tiyi. Usadzere msewu wa ku boma, chifukwa ndi umene amalume ako abwerere, ndipo mukakumana adzaima pakati pa msewu n'kukulankhula ndi mawu aja mpaka udzazimitsa injini. Udzere njira ya kumpoto, ya pa Kamwala.

Ndikudziwa kuti mvula yagwa sabata yonse. Ndikudziwanso kuti chiyambire kuyendetsa wakhala ukupewa malo amenewo, umazungulira kutali ngakhale m'chilimwe, ndipo ine ndinkangokhala ngati sindikuona. Masana ano ndinapitako. Ndaliyenda lonse ndi ndodo, kupita ndi kubwera. Madzi sakufika m'mawondo ndipo sakuthamanga. Pakati, pamene pakuoneka mizere ya matayala a ngolo, ndi pamene pali phala, usatsatire mizereyo. Mbali ya chulu ikadali yolimba monga inalili tsiku lija. Ndazika nsungwi m'mphepete mwa njira yake, uzisunge kudzanja lako lamanja. Komabe utsike ukaliyende wekha, chifukwa usiku uno mvula ingagwenso, ndipo dalaivala sakhulupirira mapazi a munthu wina, ngakhale a bambo ake. Ukapeza kuti madzi akwera, ubwerere, tidzakumana nawo amalume ako tonse awiri ndipo udzapitabe. Ndikuopa, sindikubisa. Koma ngati sungawoloke Kamwala ndi Chigayo, sungawolotse mayi woyembekezera pa dambo lililonse la ku Chisemphere, ndipo ine ndikudziwa kuti ungathe, chifukwa ndinakuphunzitsa ndine.

Amalume ako akafika andipeza pakhonde. Ndawaikira kale mpando. Ndiwauza zonse zimene ndakulemberazi, za tcheni ndi za phazi lawo, ndipo ndiwauza pamaso pa aliyense amene abwere nawo. Akati mkamwini wakula mtima, asamuke pamudzi pano, ndisamuka, nyumba za lendi pa Wimbe zilipo. Akati akutsatira, ndiwalozera njira imene wadzera. Galimoto yawo yatsopanoyi ndi yotsika kuposa yakale ija, ndipo mahosipawa ake amatiuza okha kuti ndi ochuluka. Ndiwakumbutsa kuti tcheni chili kumbuyo kwa Chigayo, chapita ndi iwe.

Ukafika pa Kamwala, ngati ukufuna kuwalankhula amayi ako, uwalankhule uli tsidya lino injini ikuguguda. Uwauze kumene ukupita. Ukatero tseka mahabu, lowetsa giya ya m'munsi, nsungwi kudzanja lamanja, phazi pamodzimodzi, ndipo usasinthe giya pakati. Ukatulukira tsidya linalo undiimbire, ndikhala foni ili m'manja.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga. Mahabu aja ukafika pouma usaiwale kutsegula.

Ndine,
Bambo ako.